MAUTHENGA AKAMATAYIKA PANJIRA, YAMBANI KUFUNAFUNA PAKHOMO

LUSAKA — M'mwezi wa April caka ca 2023 timasitolo ta intaneti m'makomboni a mzinda wa Lusaka tinaona anthu oculuka kuposa masiku onse. Pa 17 April caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko lino, Bambo Hakainde Hichilema, anasaina lamulo lolola wanchito kutapako magawo 20 pa 100 alionse a ndalama zimene anasonkha ku bungwe la penshoni la NAPSA, malinga ngati anasonkhako miyezi 60 kapena anakwanitsa zaka 45. Pempho linali loperekedwa kudzera pa intaneti, motero anthu ambiri opanda kompyuta kunyumba analunjika ku timasitolo timeneti ku Kanyama, Matero, Chawama, George, Mtendere ndi Kalingalinga.

Aliyense amene anakhalapo pa mzere wotere adziwa mau awiri othetsa nzeru akuti, "Netiweki yavuta." Munthu walemba dzina lake, nambala ya reji ndi zonse zofunika, koma pofika potumiza tsamba lingoima cilili, kenaka n'kuzimirira. Ayenera kuyambiranso. Nthawi imene analipira yatha, ndipo ngati anacokera ku Chongwe kapena ku Rufunsa, basi ya madzulo yamsiya. Mwini sitolo nayenso ataya, pakuti wogula amene wakhumudwa kawiri sabweranso kacitatu.

Zikatere, ambiri amathamangira kudzudzula kampani yogulitsa intaneti. Nthawi zina amalondola. Koma acinyamata okonza makompyuta m'makomboni adziwa kuti kawirikawiri colakwa cimakhala m'cipinda momwemo: m'nthambo yophwanyika kuseri kwa thebulo, m'kabowo kodzaza fumbi, kapena m'kabokosi kogawa intaneti kamene katenthedwa ndi malata. Vuto limeneli amalicha kutayika kwa mapaketi. Nkhaniyi si ya anthu a m'tauni okha, popeza makompyuta tsopano ali m'zipatala zazing'ono, m'masukulu ndi m'masitolo a feteleza kumidzi, kumene katswiri akhoza kukhala kutali ulendo wa tsiku lathunthu.

UTHENGA SUYENDA WATHUNTHU

Mlimi amene wakolola cimanga cambiri sanyamula nkhokwe yonse kupita nayo ku depoti. Amathira cimangaco m'matumba a makilogiramu 50, nakweza pangolo, nayenda maulendo angapo kufikira conse citafika. Kompyuta imacitanso cimodzimodzi. Kalata, cithunzi kapena fomu imadulidwa m'tizidutswa tating'ono tochedwa mapaketi. Paketi iliyonse imalembedwa keyala ya kumene icokera ndi ya kumene ipita, ndiponso imakhala ndi ciwerengero cothandiza wolandira kudziwa ngati yafika yabwino kapena yoonongeka.

Pa nthambo za mtundu wa Ethernet, zimene zili m'maofesi ambiri, paketi imodzi kawirikawiri siposa mabaiti 1,500, ndipo baiti imodzi ilingana ndi cilembo cimodzi. Cotero cithunzi ca reji ca mabaiti 1,500,000 cimayenda m'mapaketi oposa 1,000, ndipo onsewo ayenera kufika kuti cithunzi cioneke bwino.

Nzeru imeneyi inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndi amuna awiri amene anali kugwira nchito payekha-payekha, Paul Baran ku America ndi Donald Davies ku Britain. Davies ndiye anapereka dzina lakuti paketi. M'caka ca 1974 Vint Cerf ndi Bob Kahn anafalitsa malamulo a kayendedwe ka mapaketi ochedwa TCP, amene netiweki ya ARPANET ku America inayamba kutsata pa 1 January 1983. Kuno kwathu intaneti yathunthu inafika m'mwezi wa November 1994 kudzera ku kampani ya ZAMNET, imene inakhazikitsidwa ndi University of Zambia, sukulu yoyandikana ndi komboni ya Kalingalinga. Dziko la Zambia linali limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa motere.

Malamulo a TCP amagwira nchito ngati kalaliki wa pa depoti. Wolandira amawerenga matumba, nadziwitsa wotumiza kuti afika. Thumba likasowa, wotumiza amatumizanso lina, komanso amacepetsa liwiro poganiza kuti mseu wadzaza. Ici ndico cifukwa cake mapaketi owerengeka okha akatayika, nchito yonse imayenda ngati kamba ngakhale mwini analipira intaneti yaliwiro. Polankhulana ndi mau kapena pa vidiyo zinthu zimaipirapo, pakuti palibe nthawi yodikira paketi yotumizidwanso. Madzi akatayika saoleka: mau a mwana amene ali ku Johannesburg amafika odukaduka, ndipo nkhope yake imauma pa sikirini.

MAYESO OYAMBIRA M'NYUMBA

Wokonza wodziwa nchito sayamba ndi kumasula kompyuta kapena kuimba lamya ku kampani. Amayamba ndi kuwerenga. Cida cake cacikulu ndi kapulogiramu kochedwa ping, kamene kanalembedwa ndi Mike Muuss ku America m'mwezi wa December 1983, ndipo kamapezeka kwaulere pafupifupi mu kompyuta iliyonse. Nchito yake ndi kutumiza paketi yaing'ono ku keyala imene yachulidwa ndi kudikira yankho. Pomaliza kamaonetsa mapaketi amene anatumizidwa, amene anabwerera ndi amene anatayika, pamodzi ndi nthawi imene ulendo unatenga.

Pa kompyuta ya Windows, munthu amatsegula kazenera kakuda kochedwa Command Prompt nalemba mau akuti ping, kutsatiza keyala. Mwacibadwa kapulogiramuka kamatumiza mapaketi 4 okha, amene ndi ocepa pogwira vuto lobwera modukizadukiza. N'cifukwa cake odziwa amaonjezapo -n 100 kuti atumize mapaketi 100. Akabwerera 93, ndiye kuti 7 pa 100 atayika. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mayeso a mphindi ziwiri amaonetsa zimene mayeso a kamphindi amabisa.

Mayeso oyamba ndi a kompyuta yeniyeniyo. Kompyuta iliyonse ili ndi keyala yodzilankhulira yokha, imene ndi 127.0.0.1. Paketi yotumizidwa ku keyala imeneyi situluka kunja, sikhudza nthambo kapena mphepo, koma imazungulira m'kati n'kubwerera. Pamenepa sipayenera kutayika paketi ngakhale imodzi. Ikatayika, kampani ilibe mlandu ndipo nthambo ilibe mlandu. Colakwa cili m'mapulogiramu a kompyutayo, monga pulogiramu yoteteza imene yachinga njira mopitirira, kacirombo ka makompyuta, kapena nchito zambiri zimene zatsegulidwa nthawi imodzi kufikira makina alema.

Mayeso aciwiri ndi kuona keyala imene kompyuta yapatsidwa pa netiweki ya m'nyumba. Polemba ipconfig, kompyuta imaonetsa keyala yake ndi ya rauta, kabokosi kamene ndi cipata ca nyumba cotulukira ku intaneti. Keyala ya rauta kawirikawiri imakhala 192.168.1.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Koma keyala ya kompyuta ikayamba ndi 169.254, ndi cizindikiro cakuti inapempha keyala kwa rauta koma sinayankhidwe, ndipo inangodzipatsa yokha. Kompyuta yotere sifika pa intaneti ngakhale mabandulo ali odzaza.

Mayeso acitatu, amene ndi ofunika koposa, ndi kutumiza ping ku rauta. Apa paketi imatuluka pa khadi ya netiweki, kuyenda m'nthambo kapena m'mphepo, kufika pa kabokosi n'kubwerera. Ulendowu ndi wa mamita owerengeka okha. Pa nthambo yabwino yankho limabwera m'gawo limodzi pa magawo 1,000 a sekondi kapena kucepera apo, ndipo palibe cotayika. Mapaketi akatayika pakati pa kompyuta ndi rauta, vuto lili pakhomo, ndipo kusintha kampani kapena kugula mabandulo ena ndi kutaya ndalama cabe.

Pali macenjera ena pa mayeso amenewa. Ping ya Windows imanyamula mabaiti 32 okha, ndipo paketi yaing'ono cotere ikhoza kupulumuka pa nthambo yodwala. Poonjezapo -l 1400, wokonza amatumiza mapaketi akulu ofanana ndi a nchito yeniyeni. Ngati aang'ono afika koma akulu atayika, nthambo kapena kabowo kake ndiko kokayikitsa, monga mlatho wowola umene umaolotsa njinga koma ngolo yodzaza n'kugweramo.

Mayeso acinai ndi kutumiza ping kunja kwa nyumba, mwacitsanzo ku keyala yodziwika ya Google ya 8.8.8.8. Ngati rauta iyankha bwino nthawi zonse koma kunja mapaketi atayika, vuto lili pa rautayo, pa mlongoti wa m'dera kapena kupitirira apo. Mayeso omaliza ndi kulemba dzina la tsamba m'malo mwa manambala. Manambala akayankha koma dzina likana, mapaketi sali kutayika ai. Cavuta ndi buku la maina lochedwa DNS, limene limasandutsa dzina kukhala keyala.

BUKU LA KALALIKI

Khadi ya netiweki imasunga ciwerengero ca zonse zodutsa pakhomo pake, ndipo ciwerengeroci sicinama. Pa Windows cimaoneka polemba netstat -e, pamene pa makompyuta a Linux amalemba ip -s link. Pa Windows mizere iwiri yofunika ndi wa Errors ndi wa Discards, ndipo kusiyana kwa iwiriyi kumaloza kumene wokonza ayenera kuyang'ana.

Mzere wa Errors umawerenga mapaketi amene anaonongeka, ngati matumba ong'ambika panjira. Kawirikawiri umaloza ku nthambo, ku pulagi kapena ku khadi yeniyeniyo. Mzere wa Discards umawerenga mapaketi amene anali abwino koma anatayidwa, kaya cifukwa munalibe malo owasungira poyembekeza, kaya cifukwa kompyutayo sinawafune. Umenewu ukakwera msanga, umaloza ku makina olema kapena pulogiramu yakale yoyendetsa khadi, imene akatswiri amaicha draiva.

Nambala yaikulu payokha siopsa, popeza ikhoza kukhala yosonkhana kucokera pamene kompyuta inayatsidwa. Wokonza amalemba nambala pa pepala, nagwiritsa nchito intaneti kwa mphindi 5, nawerenganso. Ikakhala yosasintha, vuto linapita kale kapena lili kwina. Ikakwera, vuto lilipo ndipo lili pa khomo limenelo.

ADANI A NTHAMBO

M'kati mwa nthambo ya Ethernet muli timawaya 8 topotana tiwiri-tiwiri. Kupotanako si kokongoletsa ai, kumateteza uthenga ku cisokonezo ca magetsi a pafupi. Liwiro la mamegabiti 100 limagwiritsa nchito timawaya 4, pamene la mamegabiti 1,000 limafuna tonse 8. Motero kawaya kamodzi kakaduka, kompyuta ikhoza kutsika liwiro yokha kapena kumangoduka ndi kulumikizanso. Lamulo la nthambozi ndi lakuti utali wake usapose mamita 100 popanda swichi pakati.

M'makomboni nthambo ili ndi adani ambiri. Makoswe amaitafuna kudenga. Citseko cimaipana tsiku ndi tsiku kufikira timawaya tithyoka m'kati pamene kunja ioneka yabwino. Kapulasitiki kogwira pulagi kakathyoka, pulagi imagwedera, ndipo wogula akangogunda thebulo ndi bondo intaneti iduka. Nthambo yomangidwa pamodzi ndi ya magetsi, kapena yodutsa pafupi ndi makina owocherera zitsulo monga amene ali ambiri m'mbali mwa miseu ya Kalingalinga, imatola cisokonezo cimene cimaononga mapaketi. Palinso nthambo zochipa za aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba, zimene zimathyoka msanga. N'zomvetsa cisoni kuti m'dziko la mkuwa munthu apusitsidwe ndi mkuwa wa pakhungu.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Ku Kanyama, kumene pansi pali mwala ndipo madzi a mvula sapita msanga, nyumba zambiri zimalowa madzi pakati pa December ndi March. Nthambo yoyalidwa pansi imanyowa, ndipo timano ta pulagi timacita dzimbiri. M'nyengo ya mphepo ya July ndi August fumbi limadzaza m'timabowo ta kompyuta ndi ta swichi. M'mwezi wa October kutentha kwa pansi pa malata kumafooketsa rauta, makamaka ikaphimbidwa ndi nsalu yokongoletsa. Rauta yotenthedwa imayenda bwino m'mawa koma imayamba kutaya mapaketi masana.

Mankhwala a zonsezi ndi kusintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Wokonza amayamba ndi nthambo yaifupi imene adziwa kuti ndi yabwino, nayesanso ping. Vuto likapitirira amasamutsa nthambo ku kabowo kena ka swichi. Likapitirirabe amabweretsa kompyuta ina pa nthambo yomweyo. Wosintha zonse nthawi imodzi akhoza kucira, koma sadzadziwa cimene cinamdwalitsa, ndipo mawa adzagulanso zonse.

Zolakwa zina n'zocita anthu. Coyamba ndi kusagwirizana kwa mbali ziwiri za nthambo. Khadi ndi swichi ziyenera kumvana zokha za liwiro ndi ngati zidzalankhula nthawi imodzi kapena mosinthana. Munthu akaumiriza mbali imodzi yokha, mapaketi amaombana. Ping imaoneka yabwino, koma cinthu cacikulu cimakwawa. Caciwiri ndi kupatsa makompyuta awiri keyala imodzi, zimene zimacititsa kuti mayankho azisocera, mwina kwa uyu mwina kwa uyo. Cacitatu ndi kulowetsa mbali zonse ziwiri za nthambo imodzi mu swichi yomweyo, monga amacitira mwana wofuna kukonza m'cipinda. Pa maswichi ochipa mapaketi amazungulira kosatha, timagetsi tonse timaphethira pamodzi mwaliwiro, ndipo cipinda conse cimaima. Cacinai ndi lamulo losunga magetsi limene limagoneka khadi ya netiweki pa malaputopu. Lamulo limeneli likhoza kuzimitsidwa pa malo osinthira khadi.

WI-FI NDI NYUMBA ZOTHITHIKANA

Kumene kulibe nthambo, mapaketi amayenda m'mphepo ngati mau a wailesi, ndipo kutayika kumakhala kosavuta. Marauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz, pamene ngalande zosalowerana zozolowereka ndi zitatu zokha: 1, 6 ndi 11. Ku George ndi ku Chawama, kumene nyumba zingapo zimakhala pa pulote imodzi, marauta a anansi akhoza kukumana pa ngalande imodzi, ndipo amadikirana ndi kudulana mau ngati anthu olankhula onse pamodzi pabwalo la milandu. Kusamutsa rauta ku ngalande yopanda anthu ambiri kumathandiza, ndipo sikulira ndalama.

Zipupa za mabuloko, malata, zitseko zacitsulo ndi madiramu a madzi zimafooketsa mphamvu ya Wi-Fi. Rauta iyenera kukhala pamalo okwera ndi oonekera, osati pansi pa kauntala kapena m'kabati. Marauta oulutsa pa 5 GHz ali ndi ngalande zambiri ndi liwiro lalikulu, koma mphamvu yao sipyola bwino m'zipupa. Njira yodziwira ngati mphepo ndiyo yalakwa ndi yapafupi: kuyesa ping ku rauta pa Wi-Fi, kenaka kulumikiza nthambo ndi kuyesanso. Kutayika kukatha, colakwa cinali m'mphepo.

Pali kutayika kwina kumene sikucokera ku cinthu coonongeka, koma ku kudzaza. Amene anaimapo pa siteshoni ya Kulima Tower nthawi yoweruka adziwa kuti basi ikadzaza, otsala amatsala ngakhale basiyo ili yatsopano. Rauta nayo ili ndi malo ocepa osungira mapaketi oyembekeza. Wogula mmodzi akamatumiza vidiyo yaikulu, kapena makompyuta onse akayamba kudzikonzanso okha pa intaneti nthawi imodzi, mzere umadzaza ndipo rauta imataya otsala. Cimodzimodzi mau acinsinsi a Wi-Fi akafalikira kwa anansi onse. Wokonza amacotsa makina onse kusiyapo amodzi, nayesanso. Kutayika kukatha, vuto ndi kuculuka kwa okwera.

CAKA CA MDIMA

Caka ca 2024 cinaphunzitsa eni timasitolo phunziro lowawa. Pa 29 February caka cimeneco Boma linalengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika September madera ambiri anali kukhala opanda magetsi maola ofika 21 pa tsiku. Amene anatha anagula majenereta, mabatire ndi masola kuti nchito isaime.

Koma magetsi osakhazikika ali ndi matenda ao. Mphamvu ikatsika pang'ono, laputopu siizindikira cifukwa ili ndi batire, koma rauta imazima ndi kuyambanso, ndipo imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ibwerere. Pa ping zimenezi zimaoneka bwino lomwe: mayankho amayenda bwino, kenaka mapaketi ambiri otsatizana amasowa, kenaka zonse zibwerera. Kutayika kwa nthambo yodwala kapena kwa Wi-Fi n'kosiyana, kumakhala kwa apa ndi apo. Motero kaonekedwe ka kutayika kamanena zambiri. Kaadaputala ka magetsi kofooka, kapena kobwerekedwa ku cipangizo cina, kamabweretsa matenda omwewo. Batire yaing'ono yosungira rauta yokha imathetsa vutoli.

Nyengo ya mvula imabweretsa mphenzi, imene mphamvu yake ikhoza kuyenda m'nthambo yodutsa panja kucoka nyumba ina kupita ina n'kupsereza kabowo ka swichi kapena khadi. Kabowo kopserera pang'ono kakhoza kuyakabe kagetsi kake koma n'kumataya mapaketi. N'kwanzeru kuzula nthambo zakunja ndi za magetsi mitambo ikayamba kugunda.

PAMENE COLAKWA CILI KUTALI

Si nthawi zonse pamene mlandu uli pakhomo. Milongoti ya malamya imadaliranso magetsi, ndipo akazima nthawi yaitali imayendera mabatire ndi dizilo. Madzulo anthu akaweruka, mlongoti umodzi umatumikira anthu oculuka ndipo umadzaza. Komanso dziko la Zambia lilibe gombe la nyanja yamcere. Lazunguliridwa ndi maiko 8, ndipo mauthenga ake ambiri opita kunja amadutsa m'nthambo za m'maiko a anansi kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja. Pa 14 March 2024 zingwe zinai zinaonongeka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo pa 12 May caka comweco zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, zimene zinasokoneza intaneti ku Tanzania, Malawi, Mozambique, Kenya ndi maiko ena. Pa tsiku lotere palibe cimene wokonza wa ku Matero angacite koma kudikira.

Pofuna kuona kumene mapaketi aimira, pali cida cina cochedwa tracert pa Windows, cimene cimachula masiteshoni onse a panjira. Koma ciyenera kuwerengedwa mosamala. Makina ena a pakati sayankha mafunso otere mwadala, ngakhale amadutsitsa mapaketi bwino lomwe. Siteshoni imodzi yosayankha si umboni. Umboni ndi pamene kutayika kuyamba pa siteshoni ina n'kupitirira kufikira kumapeto.

Phindu la mayeso onsewa limaoneka pokadandaula. Munthu wongonena kuti netiweki yavuta amauzidwa kuzimitsa rauta ndi kuyatsanso. Koma wofika ndi pepala losonyeza tsiku, nthawi, ndi kuti pa rauta sipanatayike paketi pamene kunja anatayika 12 pa 100 masiku atatu otsatizana, amamveka msanga. Dandaulo limayamba kuperekedwa ku kampani yeniyeniyo. Likapanda kuthandizidwa, lingathe kupita ku bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2009 kuti liziyang'anira makampani a mauthenga ndi kuteteza ogula.

PHUNZIRO KWA A KUMIDZI

Zimene acinyamata a m'makomboni aphunzira n'zofunika ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi monga momwe zilili ku Mtendere. Kuyambira pamene Boma linayamba kuyesa njira ya e-voucher m'nyengo ya ulimi ya 2015 ndi 2016, m'maboma otsata njirayi mlimi amalandira feteleza ndi mbeu pokhapo makina a wogulitsa alankhulana ndi makina akulu a Boma. Mvula yoyamba ikagwa, tsiku lililonse lotayika pa mzere ndi tsiku lotayika kumunda. Mlimi wobwera ndi ngolo kucokera kutali n'kubwerera wopanda kanthu cifukwa ca pulagi yogwedera wataya zambiri kuposa mtengo wa pulagiyo.

Mayeso amenewa safuna digiri kapena zida zodula. Afuna munthu wodziwa kuwerenga, pepala, pensulo ndi nthambo imodzi yabwino yosungidwa m'kabati. Ana ambiri amene aphunzira za makompyuta kusukulu angathe kuwacita akaonetsedwa kamodzi. Mphunzitsi, kalaliki wa pa cipatala kapena mlembi wa kopaletivu amene asunga buku lolembamo tsiku, nthawi ndi ciwerengero ca mapaketi otayika amathandiza katswiri wa ku boma kudziwa cimene anyamule asananyamuke, mwinanso kufotokoza mankhwala pa lamya popanda ulendo.

Kusamala kulinso kofunika. Munthu asatsegule kabokosi ka magetsi kapena kukwera mlongoti pofuna kukonza intaneti, ndipo asasinthe malamulo a m'kati mwa rauta ya ofesi asanalembe mmene analili poyamba. Kabatani kobwezera rauta ku ciyambi kamafafaniza zonse zimene kampani inaikamo, ndipo ambiri asandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu pokakanikiza. Safunsa anadya phula.

Ndondomeko yake ndi yosavuta kukumbukira: kompyuta yokha, keyala yake, rauta, kunja, dzina. Mwini sitolo wa ku Chawama amene aitsata amasunga ogula ake, ndipo wogulitsa feteleza wa ku Nyimba amene aitsata sabweza alimi popanda cifukwa. Cotero mau akuti netiweki yavuta akamveka, funso loyenera kutsatira ndi lakuti yavutira pati, ndipo yankho lake liyambe kufunidwa pa nthambo imene ili kuseri kwa thebulo.